Zotsatira zake: mwana wa otizimu ndi dimba la pakhomo

Zikomo nonse amene munayankha nditapempha malangizo pa za mwana wanga wa otizimu (vuto lokhudza mmene munthu amachitira zinthu ndi kuchezera ndi ena) amene ankazula mbande m'dimba. Ndinatsatira malangizo omupatsa bedi lakelake la mita imodzi, ndi ntchito imodzi yokha: kuthirira 4 koloko madzulo tsiku lililonse. Kheni ya malita 10 inkamulemera, ndiye ndinaboola chitsekero cha botolo la malita awiri. Kuzula kwachepa, ndipo nthawi ikakwana amakatenga yekha botololo.

Kwa makolo anzanga: dzalani nyemba kapena maungu, njere zake n'zogwirika ndipo sizichedwa kumera. Mwanayu matope amanyansidwa nawo, koma titaphimbira bedi ndi udzu wouma anasiya kudandaula. Zitosi za nkhuku zosawolerana zinawotcha mbande, muziyamba mwaziwoletsa. Nsatsi zulani zonse, njere zake ndi poizoni.