Allion ikusewera pamsewu, chiwongolero chapepuka kwambiri, thandizani

Makaniko wa ku Chawama:
Anzanga motoka iyi yanditopetsa. Toyota Allion ya 260, ya EPS (chiwongolero chothandizidwa ndi magetsi), mwini wake ndi mayi amene amanyamulira ana kusukulu. Ikafika 80 km/h pa Kafue Road imayamba kusewera, ukangogwedeza chiwongolero pang'ono yalowa kale mbali ya mnzako, ukabweza yathawira kwina, ngati munthu wochokera ku kachasu. Pakati sipakhazikika ndipo ukakhota sichibwerera chokha bwinobwino. Ma tie rod end ndasintha onse, ma link ndasintha, shoko sizikudontha, alaimenti anachita pa kompyuta pepala lonse lobiriwira kusonyeza kuti zonse zili bwino koma vuto lili pompo. Amayiwa akundiimbira m'mawa uliwonse. Ndiyang'anenso pati? Za kusintha rack yonse (chitsulo chimene chimakankha mawilo ukakhotetsa chiwongolero) musanene chonde, ndalama alibe.

Mudala wa Matayala:
Matayala amenewo. Mpweya wayeza? Anyamata a pa filling station amangopopa mpaka 45 psi, tayala limatupa pakati n'kumagwira msewu ndi kamzere chabe. Ona sitika ili pachitseko cha dalaivala, ika zomwe zalembedwa pamenepo tayala lili lozizira.

Makaniko wa ku Chawama:
Ba mudala mpweya ndinayamba nawo, uli bwino.

Wa Alaimenti Kabwata:
Kubiriwira kwa pepala usakukhulupirire boyi, tumiza manambala tione. Toe, kayang'anidwe ka mawilo mkati kapena kunja, ikhoza kukhala mkati mwa malire koma yatsamira kunja, ndiye mawilo akutsogolo akayang'ana kunja olo pang'ono motoka imakhala yothamangira kukhota. Onanso caster (kupendekera kumbuyo kwa mzere umene wilo limakhotera), ngati ndi yochepa kapena mbali ziwiri zasiyana chiwongolero sichibwerera pakati, ndipo pa motoka izi caster ilibe posinthira, ikalakwika ndiye kuti pali chomwe chapindika, lower arm kapena subframe inasuntha itagunda dzenje. Ndipo anayika ma sensor kumbuyo? Ambiri amapima kutsogolo basi kuti afulumire. Kumbuyo kuli beam, chitsulo chimodzi cholumikiza mawilo awiri, ikapindika motoka imadziwongolera yokha kuchokera kumbuyo iwe n'kumavutika ndi kutsogolo kopanda mlandu.

Mudala wa Matayala:
Ndati matayala. Ndi a kampani imodzi onse anayi? Kapena ndi a salaula aja, lina la uku lina la uko?

Kalingalinga Spana:
Rack end wagwira? Wanena tie rod end zokha. Koma ine ndikukayikira mabushi akulu a lower arm. Motoka ili pa jeke samaoneka, uyike pa pit wina aponde mabuleki ndi kugwedeza, kapena lowetsa chitsulo ukankhe, ukaona wilo likupita kutsogolo ndi kumbuyo ndi amenewo. Bushi ikang'ambika toe imasintha motoka ikuyenda, pa makina ikaima imaoneka yabwino. Ukasintha usamange mabauti ili m'mwamba, itsitse kaye ikhale pa mawilo ake, apo ayi bushi yatsopano ipotoka ing'ambikanso msanga.

Inandipezapo Premio, m'bale wake wa Allion, ya mkulu wina wa ku Chongwe, anthu anali atamudyera ndalama magaraja angapo, wina mpaka anamugulitsa column yonse, mtengo wa chiwongolero. Kufufuza, kuli mnyamata anamanga nati yothinira rack mwamphamvu kuti aphe kugogoda. Kugogoda kunatha inde koma rack inayamba kugwira, dalaivala amakankha sichiyenda, kenaka chimalumpha, ndiye amangokhalira kubweza njira yonse ya Great East. Mkuluyo anandipatsa nkhuku ndi thumba la mbatata pamwamba pa ndalama, mpaka lero amandiimbira pa Khirisimasi.

Auto Elec Matero:
Poti ndi ya EPS funsa ngati wina anagwirapo column kapena kompyuta yake. Ikasinthidwa pamafunika zero point ya torque sensor ndi scanner, kuti kompyuta idziwe pamene chiwongolero sichikukankhidwa, popanda zimenezo imathandiza kwambiri mbali imodzi. Koma chenjezo langa ndi ili, ukamasula rack kapena ka shaft ka pansi kolumikiza column ndi rack manga chiwongolero ndi lamba chisazungulire, ukadula clock spring, waya wopindidwa wa kuseri kwa chiwongolero, hutala yafa, nyali ya airbag yayaka, walipira wekha. Ndipo mawaya achikasu a airbag usawagwire batire isanachotsedwe, dikira masekondi 90.

Mudala wa Matayala:
Inu mukumutumiza mwanayu kukagula zinthu za ma sauzande. Sinthanitsa mawilo akutsogolo apite kumbuyo, yendetsa, ubwere undiuze. Ndi zaulere. Ndipo ili pa ma rim anji? Akayika ma 17 otambalala aja motoka imatsata mizere yomwe malole akumba mu tala, ku Kafue Road ndi Lumumba ndiye osanena.

Makaniko wa ku Chawama:
Ili pa ma 15 ake ba mudala. Koma akumbuyo ndi osiyana ndi akutsogolo, zimenezo ndavomera. Ba Kabwata pepala lili ndi mwini motoka, ndiwapempha ajambule.

Wa Alaimenti Kabwata:
Ukapeza arm kapena knuckle yopindika usalole za kuwotcha ndi gasi n'kuwongola. Chitsulo chowotcha chimafooka, chidzathyoka motoka ili pa liwiro muli ana. Ndipo amayiwo auze asayende nayo ulendo wautali mpaka ithe, mvula ikagwa motoka yotere imatembenuka.

Kalingalinga Spana:
Za kuwotcha zija musandikumbutse, kuli minibasi ina tinaikoka pa Mumbwa Road wilo litagona pansi, tie rod yowotcherera. Kondakitala ankati inapasa fitinesi mwezi watha, ngati kuti a RTSA, bungwe loyeza fitinesi ya motoka, ndi amene anamuuza akawotcherere pambuyo pake.

Auto Elec Matero:
Ba Spana scanner yanga ija mubweza liti kodi?

Mudala wa Matayala:
Mwamva? Wanena yekha kuti matayala ndi osiyana. Wasinthanitsa mawilo kapena sunasinthanitse?