Thumba lokonzera nyumba: tiyambe ndi malata kapena pansi?

Wapampando:
Abale ndi alongo, ndalama zomwe tasonkha zokonzera nyumba za mabanja ovutika sizikwanira kuchita zonse nthawi imodzi. Komiti yabwera ndi maganizo awiri: kugula malata, kapena kuika simenti pansi. Amene ntchitoyi mukuidziwa, tiunikireni tisanavote.

Msungichuma:
Ine ndili ku malata. Denga likamadontha zofunda zimanyowa, makoma amamwa madzi n'kuyamba kugumuka, nguwi imamera m'makona, ndipo odwala mphumu amavutika dzinja lonse. Komanso malata amaonekera patali, osonkha adzaona okha kumene ndalama zawo zapita.

Namwino:
Bambo msungichuma, za chinyezizo ndikugwirizana nanu, koma kuonekera kusatitsogolere. Mwana wokwawa amaswera pansi, zala m'dothi, kenako m'kamwa. Pansi pa dothi mungasese bwanji, simungakolope, ndiye zitosi za nkhuku ndi zonyansa zobwera ndi mapazi zimangolowerera momwemo. Mazira a njoka za m'mimba amakhalitsa m'dothi, matekenya amaswana m'fumbi. Ku Mexico boma lidaika simenti m'nyumba za osauka kudzera mu pulogalamu ya Piso Firme, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2009 adaonetsa kuti pansi ponse pakakhala pa simenti, tizilombo ta m'mimba mwa ana aang'ono timatsika ndi 78 peresenti, kutsegula m'mimba ndi 49 peresenti. Nako kuchepa kwa magazi kudatsika kwambiri.

Mmisiri wa zomangamanga:
Mayi namwino akunena zoona, koma simenti yoikidwa mwachisawawa imasweka chaka chisanathe, ndipo m'ming'alumo mumabisala nsikidzi ndi utitiri. Ntchito yake imayenda chonchi. Mumachotsa dothi lapamwamba lofewa, n'kuthira miyala kapena zibenthu za njerwa zokwana masentimita 10 mpaka 15, n'kutsendera mwamphamvu. Pamwamba pake mchenga pang'ono, kuti miyala isaboole pepala la pulasitiki lakuda lotchinga chinyezi. Pepalalo likhale lokhuthala, polumikiza lipitirirane masentimita 15 kapena kuposa, ndipo m'mbali likwere khoma. Ambiri amalumpha pepalali, n'chifukwa chake mumaona pansi pa simenti pakutuluka thukuta nthawi ya mvula.

Konkire ikhale yochindikala masentimita 7.5, muyezo wake simenti 1, mchenga 3, miyala yoswa 6. Chipinda cha mamita 3 kwa 4 chimadya matumba pafupifupi 4 a makilogalamu 50, kuonjezerapo awiri kapena atatu osalazira pamwamba. Zolakwika zofala ndi zitatu: mchenga wosakanikirana ndi dothi, kuchulukitsa madzi kuti kusakaniza kupepuke, ndi kusathirira. Konkire imafuna kukhala yonyowa masiku 7. Ikauma msanga imayamba kufumbuka. Pansi pa nyumba pakwere masentimita 15 kuposa bwalo, apo ayi madzi othamanga alowera pakhomo.

Koma a msungichuma sanalakwe konse. Nyumba yodontha muyambe mwatseka modonthamo musanathire konkire.

Mlangizi wa zaumoyo:
Pali chachitatu chomwe komiti sinatchule, chotsika mtengo kuposa ziwirizo. Udzudzu wofalitsa malungo umaluma kwambiri usiku m'nyumba, ndipo khomo lake lalikulu ndi mpata wa pakati pa khoma ndi denga. Umatsata fungo la anthu ogona, n'kukwera khoma mpaka kupeza mpatawo. Ku Gambia adayesa kutchinga nyumba ndi sefa, ndipo zotsatira zomwe zidatuluka mu 2009 zidaonetsa kuti udzudzu wolowa udatsika ndi pafupifupi theka, ana ochepa magazi adachepanso. Mpatawo utsekedwe ndi njerwa ndi matope, m'mawindo muikidwe sefa ya mabowo osapitirira mamilimita 1.5, chitseko chisasiye mpata pansi.

Chenjezo langa lili pa malata. Mukafolera malata opanda siling'i, n'kutseka mipata yonse popanda mawindo okwanira, nyumba imatentha moti anthu amakankhira neti kumbali kapena kukagona pakhonde. Pamenepo malungo tawaitana tokha.

Mmisiri wa zomangamanga:
N'zoona achimwene. Mawindo akhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kukula kwa pansi, ndipo akhale m'makoma oyang'anizana kuti mphepo idutse. Windo limodzi silitulutsa mpweya wogwiritsidwa ntchito kale. Ngati tifolera, denga lituluke kunja masentimita 60 kuti mvula isamenye khoma, ndipo misomali ikhomedwe pamsana pa lata, osati m'ngalande momwe mumayenda madzi.

Namwino:
Nkhani ya mpweyayi isachepetsedwe. Chifuwa chachikulu chimafala m'chipinda chotsekeka momwe anthu ambiri amapuma mpweya umodzi usiku wonse. Ndiye pali utsi. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidawerengera kuti mu 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni adamwalira chifukwa cha utsi wa m'nyumba, ndipo mwa ana umabweretsa chibayo. Nyumba yomwe titseke mipata, kuphikira m'kati kuthe: khitchini ikhale payokha, yokhala ndi potulukira utsi. Mbaula ya makala m'chipinda chotseka imapha anthu ali m'tulo chifukwa mpweya wake wakupha sumveka fungo.

Mlembi:
Funso langa ndi lakuti tikukonzera ndani. Ena mwa mabanja omwe ali pa mndandanda ndi alendi. Tikakongoletsa nyumba, mwini wake akweza lendi, banjalo lisamukira m'chipinda chimodzi chotchipa, anthu 6 kapena 7 pamodzi. Bungwe la UN-Habitat, loona za malo okhala anthu pa dziko lonse, limati anthu akapitirira atatu pa chipinda, kumeneko n'kuthithikana, ndipo mphere, chikuku ndi chifuwa zimayenda msanga m'malo otere. Atsikana osinkhuka amasowanso pogona paokha. Popanda mgwirizano wolembedwa wakuti lendi sikwera kwa nthawi yomwe tigwirizane, nyumba za lendi tisazikhudze.

Msungichuma:
Ndamva, koma ndikukanabe kuti nyumba zonse zilandire chinthu chimodzi. Ina vuto lake ndi denga basi, ndipo simenti siingathandize khoma lomwe latsala pang'ono kugwera ana.

Wapampando:
Pamenepo palibe wotsutsa. Voti tayamba taimika. Amisiri, a namwino ndi alangizi ayendere nyumba iliyonse, alembe momwe denga, pansi, mawindo, khitchini ndi chimbudzi zilili, chiwerengero cha ogona pa chipinda, komanso ngati muli ana osakwana zaka 5, amayi oyembekezera kapena wodwala chifuwa. A mlembi, konzani kalata ya mgwirizano ndi eni nyumba kuti tidzaiwerenge limodzi ndi kalemberayo.