Kodi n'kulakwa kuyamikira kukongola kwa mayi wosewera tchesi?

Mphunzitsi wa ku Zomba analemba kuti:

Abale ndi alongo okonda tchesi, ndabwera ndi funso lomwe lakhala likundisowetsa mtendere. Mu Julayi 2025, Divya Deshmukh wa ku India, ali ndi zaka 19, anapambana mpikisano wa Women's World Cup mumzinda wa Batumi, m'dziko la Georgia, atagonjetsa katswiri mnzake wa kwawo komweko, Koneru Humpy, ndipo chipambanocho chinamupatsa udindo wa grandmaster, womwe ndi wapamwamba kwambiri kwa wosewera tchesi. Mtsikana yemweyu, mu Januwale 2024, atamaliza mpikisano wa Tata Steel ku Wijk aan Zee m'dziko la Netherlands, analemba pa Instagram kudandaula kuti owonera ambiri sankakamba za momwe wasewerera, koma za zovala zake, tsitsi lake ndi kalankhulidwe kake. Ine ndimaphunzitsa atsikana masewerawa kusukulu kwathu, ndipo ndimafuna kuti azitengera chitsanzo kwa akatswiri ngati amenewa, koma akatsegula mavidiyo a mipikisano amakumana ndi ndemanga zofananitsa nkhope za osewera. Tsono ndikufunsa: kodi munthu akanena kuti wosewera wakuti ndi wokongola walakwa, kapena kudandaulako kwapyola muyezo?

Bambo wa ku Area 25 anayankha kuti:

Aphunzitsi, zikomo pobweretsa nkhaniyi, koma ine ndikuona kuti kuyamikira maonekedwe a munthu si chipongwe ayi, malinga ngati mawuwo ndi aulemu. Ngakhale amuna amakambidwanso. Katswiri wa tchesi Magnus Carlsen wa ku Norway anajambulidwapo potsatsa zovala za kampani ya G-Star Raw mu 2010, ndipo mu Disembala 2024 anthu ochuluka anakamba za thalauzi lake la jinzi lomwe anavala pa mpikisano wa ku New York mpaka oyendetsa mpikisanowo anamulipitsa chindapusa. Palibe amene anati Carlsen wanyozedwa. Komanso tisaiwale kuti tchesi imafuna ndalama, ndalamazo zimachokera kwa otsatsa malonda, ndipo otsatsa malonda amapita komwe kuli maso a anthu. Ngati ena ayamba kuwonera chifukwa cha nkhope, mwina pambuyo pake adzakonda masewera enieniwo.

Mayi wosewera wakale anayankha kuti:

Achimwene a ku Area 25, ndakumvani bwino, koma chitsanzo cha Carlsen chikutsutsana ndi mfundo yanu. Pomwe anthu ankakamba za jinzi ija, nkhani inali ya malamulo a kavalidwe ndi mkangano wake ndi bungwe la FIDE, lomwe limayendetsa tchesi padziko lonse, ndipo panalibe yemwe anaiwala kuti munthuyo anatenga ukatswiri wa dziko lonse mu 2013 n'kuuteteza kanayi. Kwa iye zovala zimabwera pamwamba pa mbiri yomwe aliyense akuidziwa kale. Kwa amayi zimabwera m'malo mwa mbiriyo, ndipo apa ndi pomwe pali vuto.

Taganizirani za Judit Polgár wa ku Hungary. Anakhala grandmaster mu 1991 ali ndi zaka 15, wamng'ono kuposa momwe katswiri wa ku America Bobby Fischer analili pomwe ankalandira udindo womwewo. Mu 2002 anagonjetsa Garry Kasparov, yemwe anakhalapo katswiri wa dziko lonse, ku Moscow, ndipo mu 2005 anafika pa nambala 8 pa osewera onse a padziko lapansi, amuna ndi akazi, ndi mapointi 2735 oyezera mphamvu za wosewera. Sanapikisanepo pofuna ukatswiri wa dziko lonse wa amayi okha, chifukwa iye ankafuna kulimbana ndi osewera amphamvu koposa, kaya ndi amuna kaya ndi akazi. Ngakhale zinali choncho, mu 2015 grandmaster Nigel Short wa ku England analembabe kuti ubongo wa amuna unapangidwa mosiyana ndi wa akazi pa nkhani ya tchesi, chonsecho Polgár yemweyo anamugonjetsapo kangapo. M'dziko lomwe luso la mayi limakayikiridwa chonchi, mawu oti "ndi wokongola" safika m'makutu mwake ngati ulemu, amafika ngati uthenga woti chomwe wabwera nacho patebulo si nzeru zake.

Za ndalama zomwe mwatchulazo zandikhudza kwambiri. Mu 2021 bungwe la FIDE linalengeza mgwirizano ndi Motiva, dzina la malonda a zipangizo zokulitsira mawere, kuti ithandize masewera a amayi, ndipo osewera achikazi angapo anadzudzula poyera. Iwo sankakana ndalama, koma ankafunsa chifukwa chomwe masewera a nzeru, akangofika kwa amayi, amalumikizidwa ndi thupi. Tikavomereza kuti owonera abwere chifukwa cha nkhope, ndiye kuti wosewera waluso yemwe anthu samuona ngati wokongola adzasowa omuthandiza, ndipo mtsikana wa zaka 12 adzaphunzira kuti galasi ndi lofunika kuposa buku la masewera. Ndinasewerapo m'mipikisano ya m'sukulu, ndipo ndinaona anzanga aluso akusiya chifukwa chotopa ndi mawu a amuna akuluakulu omwe ankayima kumbuyo kwa mipando yawo.

Wophunzira utolankhani anayankha kuti:

Ndikugwirizana ndi amayi, koma ndiwonjezere chifukwa china. Anthu ambiri olemba ndemanga sadziwa kuwerenga masewera a akatswiri, motero amalankhula za chomwe maso awo akutha kuona. Amenewa sindiwaimba mlandu waukulu ngati momwe ndingaimbire ofotokozera mipikisano ndi atolankhani, omwe ntchito yawo ndi kuthandiza owonera kumvetsa zomwe zikuchitika pabolodi. Mtolankhani akamalemba za Hou Yifan wa ku China, yemwe anatenga ukatswiri wa dziko lonse wa amayi mu 2010 ali ndi zaka 16, kapena za Ju Wenjun, yemwe wausunga kuyambira 2018, ali ndi zambiri zoti anene zokhudza njira zawo zoyambira masewera ndi momwe amamalizira, ndipo akasankha kuyamba ndi diresi, wasankha dala.

Mphunzitsi wa ku Zomba anayankhanso kuti:

Zikomo nonse. Bambo a ku Area 25, ndikuvomereza kuti si aliyense woyamikira amene ali ndi cholinga choipa, koma Divya mwini wake ananena zomwe zimamupweteka, ndipo ndikuona kuti mawu ake ndi olemera kuposa zolinga zathu. Atsikana anga ndiwaonetsa masewera ake omaliza ndi Humpy, makamaka awiri achangu aja omwe anagamula mpikisano atalepherana m'masewera awiri oyamba. Ngati wina mwa inu ali ndi vidiyo yowafotokoza mosavuta kwa ongoyamba kumene, chonde ndithandizeni.