Ana akusokoneza advice ndi advise, lose ndi loose: tiwathandize bwanji?

Aphunzitsi a ku Dedza:
Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni nzeru. Ana a Fomu 3 ukawafunsa tanthauzo la advice ndi advise amayankha bwinobwino, koma pa chimangirizo akulemba "My uncle adviced me" komanso "he gave me many advices". Lose ndi loose ndiye osanena. Kuwalembera mndandanda pa bolodi kuti aloweze sikukuthandiza. Chaka chamawa alemba MSCE, ndipo mukudziwa kuti wolephera Chingerezi satifiketi saiona.

Mayi a ku Zomba:
Aphunzitsi, anawo tanthauzo akulidziwa. Chomwe sakuona ndi mtundu wa mawu: lina ndi dzina, lina ndi mneni. Yambirani ku Chichewa. Lembani kulangiza ndi malangizo, kukhulupirira ndi chikhulupiriro. Mwana aliyense amaona kusiyana chifukwa ife timasintha kumayambiriro kwa mawu. Chingerezi chimasintha kamvekedwe kumapeto: advice, belief, proof, breath ndi mayina, advise, believe, prove, breathe ndi aneni. Auzeni agwire pakhosi potchula. Pa mneni pakhosi pamanjenjemera mpaka kumapeto, pa dzina liwu lomaliza limangotuluka ngati mpweya.

Za "advices" zikuchokera kwathu komweko. Malangizo ndi ambiri, ndiye mwana amaonjezera s. Advice sawerengeka. Ndi some advice kapena a piece of advice, chimodzimodzi information, furniture ndi equipment.

Bambo a ku Mzuzu:
Mayi anena zoona, koma khutu limathera panjira. Practice ndi practise zimatchulidwa mofanana, licence ndi license chimodzimodzi. Apa mwana achotse mawu akumuvutawo aikepo advice kapena advise. "You must ___ every day": you must advise zikumveka, ndiye ndi practise ya s. "___ starts at two": apa pakufunika dzina, ndiye practice ya c.

Chenjerani ndi makompyuta ndi mafoni. Ambiri amabwera atatcheredwa Chingerezi cha ku America, kumene practice ndi dzina komanso mneni, license naye chimodzimodzi. Kompyuta yotere imadula mzere wofiira pansi pa practise yolondola. Ife timatsata kalembedwe ka ku Britain, choncho amene akutayipa mayeso asinthe kaye chiyankhulo mu Word.

Aphunzitsi a ku Dedza:
Ndiye ndingowauza kuti mawu obwera pambuyo pa the ndi dzina, obwera pambuyo pa to ndi mneni?

Mayi a ku Zomba:
Ayi, lamulo limenelo likugwetsani. "The loose tooth": pambuyo pa the pali mfotokozi, dzina lili patsogolo. "She went to practice": to ameneyu ndi mperekezi, wotsatira ndi dzina. Mneni muyeseni ndi must kapena did not. Dzina muliyese ndi my, ndipo chiganizo chithere pomwepo: "This is my ___."

Lose ndi mneni, kutaya kapena kugonja, amatha ndi liwu la z: lose, lost, lost. Loose ndi mfotokozi, chinthu chokhwepa, amatha ndi s. Dzina lake la lose ndi loss. Mawu atatuwa aphunzitsidwe tsiku limodzi, apo ayi mudzapeza "a great lose".

Achimwene a ku Mangochi:
Pali ena amene mtundu ndi umodzi, vuto ndi tanthauzo. Borrow ndi lend onse ndi aneni. Ife timati "ndibwerekeko cholembera" wopempha, "ndakubwereka" wopereka, mneni yemweyo, ndiye mwana amati "borrow me your pen". Jambulani anthu awiri ndi muvi: lend uchoka kwa mwini, borrow ubwera kwa wopempha. Borrow amayenda ndi from, lend amayenda ndi to.

Komanso live ndi leave, play ndi pray. Awa si a galamala. Chichewa chili ndi mavawelo 5 ndipo l ndi r sizisiyanitsa tanthauzo, choncho pafunika kulembetsa mawu mowatchulira, mphindi 5 poyamba phunziro.

Bambo a ku Mzuzu:
Affect ndi effect muwasiye komalizira. Poyamba anene kuti affect ndi mneni, effect ndi dzina: "Drought affects maize", "the effect of drought on maize". Effect amakhalanso mneni, monga "to effect change", kutanthauza kuchititsa, koma izi muwauze akakhazikika. Mukafulumira mubalalitsa ndi amene anamva kale.

Kachitidwe kake: mawu awiriawiri atatu pa sabata, osapitirira. Ziganizo 10 zodzaza mipata, kenako aliyense apeke ziwiri zakezake. Pochonga musamukonzere. Dulani mzere, lembani N (dzina) kapena V (mneni) m'mphepete, akonze yekha.

Aphunzitsi a ku Dedza:
Zikomo akuluakulu. Nanga record, present ndi produce, amene kalembedwe ndi kamodzi?

Mayi a ku Zomba:
Amenewo ndi a kutsindika: dzina pa phatikizo loyamba, mneni pa lachiwiri. Polemba savuta, ndiye asakudyereni nthawi teremu ino. Aikeni pa kuwerenga mokweza.