Za chiswe chija ndinafunsa nyengo yozizira ino, nazi zomwe zachitika

Moni nonse, zikomo kwambiri amene munandiyankha pa funso langa lija loti chiswe chimafa kukazizira kapena ayi, nditaona tinjira tadothi tikukwera khoma la kuchipinda chosambira. Ena munati ndingodikira chisiya chokha, koma ambiri munati chiswe sichigona, chimangolowa pansi kwambiri munthaka kapena kubisala mmatabwa momwe muli kofunda ndi chinyontho, nkumadyabe. Ndinatsatira a gulu lachiwiriwa ndipo munanena zoona.

Ndinagogoda felemu ya chitseko ndi chogwirira cha sikuludiraiva, imamveka ngati mulibe kanthu mkati, nditabaya pang'ono penti anangobooka, mkatimo muli dothi ndi tichiswe toyera tikuyenda. Ndinaitana wodziwa za mankhwala a chiswe, anakumba kangalande kuzungulira maziko nkuthira mankhwala munthakamo. Iyeyo ndiye anapezanso paipi yomwe imadontha kuseri kwa khoma, chinyontho chimenecho ndi chomwe chimakoka chiswecho. Takonza paipiyo, felemu tasintha, nkhuni zomwe zinatsamira khoma tazisunthira kutali ndi nyumba, pamwamba pa njerwa.

Kwa amene mwaona tinjirati, musangopopera mankhwala a udzudzu kapena mphemvu chonde, mumangopha zomwe zili poyera pomwe chisa ndi make chiswe zili pansi. Gumulani kachigawo kamodzi ka njirayo, mukapeza chamanganso patapita masiku ochepa ndiye kuti chilipo. Kwathu sichinamangenso mpaka pano, koma ndiziyang'anabe makamaka kukayamba kutentha ndi mvula, nthawi yomwe zamapiko zija zimauluka.