Mchimwene wanga wagwidwa ndi thumba la chamba, kodi belo angaipeze?

A admin, chonde mundibise dzina. Mchimwene wanga wamng'ono ndi kondakitala wa minibasi ya pakati pa Nkhotakota ndi Lilongwe. Lachisanu apolisi a pa rodibuloko anapeza thumba la chamba pansi pa mpando wakumbuyo. Iye akuti munthu wina anangomupatsira kuti ndi usipa, akautule ku depoti. Mwini thumbayo foni yake siikupezekanso. Belo ya kupolisi amukaniza, akuti nkhaniyi ndi ya kukhoti. Wina wandiuza kuti mlandu wa chamba ulibe belo, winanso akuti ndimupatse ndalama "akakonze zinthu". Amene mukudziwa malamulo, khoti limayang'ana chiyani? Mayi athu ali ndi BP, sitinawauze.

Nabanda: Choyamba achemwali, wa "kukonza zinthu" uyo musamupatse ngakhale kobiri. Belo ya kupolisi ndi yaulere, ndipo ndalama ya belo ya kukhoti imaperekedwa ku khoti komweko, ndi risiti.

Malume a ku Kawale: Zoti chamba chilibe belo ndi bodza. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati womangidwa aonekere ku khoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba lomwe khoti latsegula ngati maolawo athera pa wikendi. Limatinso munthu atulutsidwe pokhapokha ngati chilungamo chikufuna kuti asungidwe. Ndiye ndi a boma amene ayenera kupereka zifukwa zomusungira. Majisitireti amatsatira lamulo la Bail Guidelines Act, ndipo funso lake lalikulu ndi limodzi: tikamutulutsa, abweranso kudzayankha mlandu? Apa mpamene kuchuluka kwa chambacho kumalowera. Ndudu ziwiri ndi thumba lathunthu sizifanana, chifukwa chilango chikamaoneka kuti chidzakula, khoti limaganiza kuti chilakolako chothawa chikulanso. Amaonanso ngati ali ndi pokhala podziwika, banja, ntchito, ngati anathawapo belo, komanso ngati angasokoneze mboni. Pa iyeyu mboni ndi dalaivala ndi okwera, choncho akatuluka asayambe kuwaimbira.

Che Phiri: Koma si chamba anachiloleza mu 2020?

Malume a ku Kawale: Lamulo la 2020 lija ndi la olima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, okhala ndi chiphaso cha Cannabis Regulatory Authority. Wopezeka nacho wopanda chilolezo amazengedwabe mlandu, nthawi zambiri pansi pa Dangerous Drugs Act.

Nangozo: Ife zinatichitikira. Woimira boma anapempha kuti mwana wathu akhale kaye pa rimandi poti chambacho anachitumiza ku Chitedze, malo a kafukufuku wa zaulimi, kukachiyeza, komanso akusakabe anzake. Tinangokhala chete ngati tili pamaliro, osadziwa kuti iye mwini akhoza kukweza dzanja n'kupempha belo ngakhale alibe loya. Konzani anthu awiri omuimira, achikulire okhazikika, abwere ndi ziphaso zaunzika. Majisitireti amawafunsa ubale wawo ndi iye komanso chomwe ali nacho. Ndalama imene iwo amalonjeza kawirikawiri ndi yongolemba, imadzalipidwa womangidwayo akathawa. Ife anatiuzanso kuti mwana wathuyo azikaonekera ku polisi masiku oikika.

Nabanda: China, muuzeni asavomere mlandu chifukwa chongotopa ndi chitokosi. Ambiri amanyengedwa kuti ukavomera ungolipira chindapusa, kenako akumva zaka. Ngati sankadziwadi za m'thumbamo, imeneyo ndiye mfundo yake. Pitani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yopereka maloya kwa osowa ndalama, kapena funsani ma paralegal (alangizi a zamalamulo) a bungwe la PASI omwe amayendera ndende ndi makhoti. Akamukaniza kwa majisitireti, pempho likhoza kupita ku High Court.

Wofunsa: Zikomo nonse. Omuimira apezeka, malume athu ndi mkulu wa mpingo. Koma malumewo chiphaso chawo chinatha ntchito chaka chatha. Khoti lichilandira, kapena tisake wina lero lomwe?