Stethoscope yodula kwa mwana wa chaka choyamba: ndigule kapena ndidikire?

Mlongo Wamkulu: Moni nonse m'gulu muno. Funso langa likupita kwa inu amene mwadutsamo m'sukulu ya udokotala. Mlongo wanga, mzime wa m'nyumba mwathu, wasankhidwa kukayamba digiri ija amati MBBS. Ndinamulonjeza kalekale kuti akadzakhoza, stethoscope yake yoyamba ndidzagula ndine. Ndafunsafunsa, aliyense akungotchula Littmann, ndipo wogulitsa wina wandiumiriza Littmann ya Cardiology IV, ati ndiyo ya madokotala enieni. Koma ndikaigula imeneyo ndiye kuti zina zonse zomwe ndimafuna kumuthandiza ziima kwa miyezi ingapo. Sindikufuna mwana akachite manyazi pakati pa anzake, komanso ndalama sinditola pansi. Ndithandizeni maganizo.

Kadzidzi: Achemwali, mwagwira ntchito, kulera mwana mpaka kufika apa si masewera. Ine ndili chaka chachinayi, ndiye ndikuuzani zomwe ndaona ndi maso anga. M'sukulu zambiri zaka ziwiri zoyambirira zimathera pa anatomy, physiology ndi biochemistry. Yanga inkangogona m'chikwama. Tinaitulutsa tsiku lophunzira kuyeza BP, kumvetsera timaphokoso ta Korotkoff pa mkono wa mnzako, ndipo timeneti ngakhale yotchipa imatigwira bwinobwino. Kupatula apo ntchito yake inali yojambulitsira zithunzi za pa Facebook. Dikirani ayambe kulowa m'mawodi.

Fulu: Ayi aise Kadzidzi, pamenepo sindikuvomera. Chinthu chabwino umagula kamodzi n'kuiwalako. Cardiology IV ili ndi waranti ya zaka 7, Classic III zaka 5, pomwe maphunzirowa amatenga zaka 5 kapena 6 kutengera sukulu. Chubu cha Cardiology IV ndi chochindikala, ndipo m'kati mwake muli njira ziwiri, khutu lililonse yakeyake. Ine ndinayamba ndi yotchipa. Tsiku lina pa raundi anzanga onse akugwedeza mitu kuti aimva murmur, kaphokoso kachilendo ka mumtima, ine zii, ndikungomva phokoso la wodi basi. Registrar, dokotala wotiyang'anira, anandibwereka yake, pomwepo ndinaimva. Kuyambira tsiku limenelo palibe angandiuze kuti zonse n'chimodzimodzi.

Kadzidzi: Nkhani imeneyi umaikonda, koma umasiya mbali ina. Registrar uja anamugoneka wodwalayo chammbali, anakuikira yekha pamalo pake, n'kukuuza choti umvetsere. Ndiye chinakumvetsa n'chiti, chitsulo kapena munthu? Ndipo theka la ogwedeza mitu aja sanamve kanthu, ankangoopa kufunsidwa. Ine ndinali mmodzi wa iwo.

Fulu: Bwanji sunanene tsiku lomwelo? Ine ndinagona wosadya, ndikuganiza kuti ndine gonthi.

Gogo Dokotala: Ana anga, mwandiseketsa. Ndilowererepo pang'ono, poti ndaphunzitsa ophunzira pambali pa bedi la wodwala kwa zaka zambiri.

René Laennec, amene anayambitsa chipangizochi pa chipatala cha Necker ku Paris mu 1816, anayamba ndi pepala lokulunga. Kenako anasema chibungwe chamtengo chomvera khutu limodzi. Ndi chimenecho anasiyanitsa maphokoso a m'mapapo n'kuwalemba m'buku mu 1819, ndipo ena mwa mayina omwe anapereka tikuwagwiritsabe ntchito. Chomvera makutu onse awiri chinafala pambuyo pake, George Cammann atakonza chake ku New York mu 1852. Sindikunena kuti mwanayo mumugulire thabwa. Ndikunena kuti yapakatikati ya lero ikuposa kutalitali zomwe akatswiri aja anali nazo.

Zimene zimalepheretsa wophunzira kumva ndimaziona chaka ndi chaka, ndipo n'zomwezomwezo. Wavala chotembenuza, timphira ta m'makutu taloza kumbuyo m'malo moloza kutsogolo, chakumphuno, komwe ngalande ya khutu imalowera. Kapena akumvetsera pamwamba pa malaya. Kapena watembenuza mutu wa stethoscope, mbali yomwe waika pachifuwa ndi yotseka. Kapenanso akukanikiza bell, mbali ya mutuwo yonga kakapu, mwamphamvu, khungu n'kukungika ngati ng'oma, maphokoso otsika aja n'kuthawa.

Tengani mitral stenosis, pomwe khomo la pakati pa zipinda ziwiri za kumanzere kwa mtima lachepa, kawirikawiri chifukwa cha rheumatic fever ya paubwana. Kaphokoso kake ndi kotsika, kongogudumira ngati bingu lakutali. Ukafuna kukamva, wodwala agonere kumanzere, upeze kaye ndi chala pomwe mtima ukugunda, pa mpata wachisanu wa pakati pa nthiti, uike bell mongokhudzitsa, iye atulutse mpweya n'kuugwira. Murmur ya aortic regurgitation, pomwe khomo lotulutsira magazi mumtima kupita m'thupi silitseka bwino, ndi yosiyana: ndi yokwera, wodwala akhale tsonga n'kuweramira kutsogolo, iwe ukanikize diaphragm, mbali yafulati ya stethoscope, m'mphepete mwa fupa la pachifuwa chakumanzere. Wosadziwa izi, ngakhale mutamuveka ya golide, adzangoti mtima uli bwino.

Komabe a Fulu sakunama pa chimodzi. Zotchipitsitsa zija, zopepuka ngati zidole, zachubu chopyapyala ndi timphira touma tosatseka khutu, zimamuzunza wophunzira. Ma murmur timawapatsa magiredi kuyambira 1 mpaka 6, monga anayambitsira Samuel Levine mu 1933. Ya giredi 6 imamveka ngakhale stethoscope itatukulidwa pang'ono pakhungu, koma ya giredi 1 kapena 2 m'wodi yaphokoso imafuna chipangizo chotseka bwino. Mwana akalephera kangapo amayamba kudzikayikira. Choncho mayi, pewani ya pansi penipeni, ya pamwamba ija muisiyenso. Classic III kapena ina yofanana nayo idzamufikitsa kumapeto kwa sukulu.

Mlongo Wamkulu: Zikomo kwambiri agogo, ndawerenga kawiri. Zambiri zandipita pamwamba koma mfundo ndaigwira. Nanga bell ndi diaphragm zo, yapakatikatiyo ili nazo zonse?

Gogo Dokotala: Ili nazo, mayi. Classic III ili ndi mbali ziwiri, yaikulu ya akulu ndi yaing'ono ya ana. Ukangokhudzitsa imamva maphokoso otsika, ukakanikiza imamva okwera. Mbali yaing'onoyo ukachotsa kachivindikiro kake imasanduka bell yeniyeni.

Namwino Wopuma: Ine ndiyankhule ngati munthu amene wakhala m'wodi zaka zambiri akuona ophunzira akubwera n'kumapita. Nonse mukukambirana za kumva, palibe watchula za kusowa. Stethoscope ili ndi miyendo, amayi. Mwana waisiya patebulo kuti akasambe m'manja, pobwera palibe. Wina wabwereka kuti angomvera wodwala mmodzi, wapita nayo ku theatre, basi mwalekana. Nthawi zambiri si kuba ayi, zimangofanana, zonse zakuda. Ndaona atsikana akulira m'kachipinda ka manesi chifukwa cha mphatso ya makolo yomwe yatha sabata ziwiri zokha. Iliyonse yomwe mugule, mulembetse dzina lake pachitsulo, ndipo musankhe mtundu woonekera patali.

Mumuuzenso kuti asamaikoleke pakhosi popanda kolala. Mafuta a pakhungu amaumitsa chubu, pakapita nthawi chimachita gwa n'kuyamba kung'aluka. Azipukuta ndi spirit ya 70% akachoka kwa wodwala aliyense, chifukwa kanthu kameneka kamayenda pa zifuwa zambiri pa tsiku ndipo kamanyamula majeremusi. Zomwe ophunzira ankabwera kudzandipempha tsiku ndi tsiku zinali zina: wotchi yokhala ndi muvi wa masekondi yowerengera kugunda kwa mtima ndi kapumidwe, katochi koonera m'maso ndi kukhosi, kahamala kogogodera mawondo, tepi yoyezera. Ku labour ward mtima wa mwana ali m'mimba tinkaumvera pa Pinard, kalipenga kaja komwe Adolphe Pinard anapanga mu 1895, ndipo eni ma stethoscope odula aja ankaima pamzere kudikira kuti azamba awaphunzitse.

Fulu: Amayi, zosowazo ndiye zoona, yanga ndimagona nayo. Koma kusowa si chifukwa chogulira chinthu chosakwanira. Foni nayo imasowa, timagulabe yabwino.

Nkhwazi: Fulu, mfundo yako ya waranti ikukutsutsa wekha. Waranti imayamba kuwerenga tsiku logula. Akagula lero, zaka ziwiri zipita chinthucho chili m'bokosi. Akadikira mpaka mnyamatayo alowe m'mawodi, zaka 5 za Classic III zimuperekeza mpaka pa internship.

Achemwali, china chomwe chandidetsa nkhawa ndi wogulitsa wokuumirizaniyo. Dzina la Littmann ndi lakale, David Littmann anali dokotala wa mtima wophunzitsa ku Harvard, anafotokoza kapangidwe kake mu 1961, kampani ya 3M n'kudzagula bizinesiyo mu 1967. Tsopano ili m'manja mwa Solventum, yomwe inapatuka ku 3M mu 2024. Dzina likatchuka chonchi achinyengo samachedwa. Mnzanga wa m'chipinda anagula pa intaneti kwa munthu wina pa mtengo wokoma, bokosi lokongola, zilembo zonse zilipo. Chikomekome cha mkuyu. Patangotha mwezi utoto unayamba kusupuka, diaphragm n'kumagwa yokha. Zenizeni za masiku ano zimakhala ndi nambala yakeyake yolembedwa pachitsulo, ndipo mugule kwa ogulitsa ovomerezeka okupatsani lisiti.

Kalulu: Pepani ndikhotetse pang'ono. Kodi pofika nthawi yomwe mwanayu azidzamaliza, zinthuzi zidzakhala zikugwirabe ntchito? Pano pali timakina ta ultrasound tolumikiza ku foni, mtima umauona ndi maso m'malo mongoganizira.

Gogo Dokotala: Timakinato ndi tabwino, ndipo ndimalimbikitsa achinyamata kuti atiphunzire. Koma mwana wa asthma akabwera akubanika pakati pa usiku, kulira kwa m'chifuwa mwake ultrasound sikuonetsa, umamva ndi khutu. Pa mayeso a OSCE, oonetsa luso loyeza wodwala, nawonso adzamupatsa mphindi zochepa, wodwala ndi stethoscope yake basi.

Njiwa: Ndakhala ndikungowerenga, koma ndinene ichi mwina chithandiza wina. Ine khutu langa lakumanja silimva bwino kuyambira ndili mwana. Chaka chachitatu ndinavutika zedi, ndinkaganiza kuti ndine mbuli, mpaka mphunzitsi wina anandituma kukayezetsa makutu. Ndinagula stethoscope yamagetsi yokweza mawu, yodula kuposa zonse mwatchulazi, ndipo kwa ine inali yoyenera ndalama iliyonse. Ndiye achemwali, mukagula yapamwamba lero mwagula musanadziwe chomwe makutu a mlongo wanu adzafune. Iye yekha ndi amene adzadziwe, atayesa za anzake zingapo.

Fulu: Apo ndiye ndagonja pang'ono, Njiwa. Pang'ono pokha. Koma pali chimodzi chomwe tonse tikuchilumpha. Achemwaliwa analonjeza. Mwana wakhala akuwerenga usiku akudziwa kuti mphatso ikubwera, ndiye lero amuuze kuti dikira zaka ziwiri? Tsiku lomwe bambo anga anandipatsa yanga yoyamba, yotchipa yomwe ndainyoza ija, ndinamvera mtima wa aliyense m'nyumba mpaka galu. Ndikuisungabe.

Kadzidzi: Galuyo anali ndi murmur ya giredi ingati?

Mlongo Wamkulu: Mwandiseketsa mpaka ana akundifunsa kuti chachitika n'chiyani. Ndamuimbira mwini wake madzulo ano, ndinalephera kubisa. Wandiwerengera mndandanda womwe sukulu yawatumizira: gauni yoyera, zida za ku dissection, ndi mabuku angapo. Stethoscope ilipo, koma sanatchule mtundu. Nditamufunsa chomwe chikumusowetsa tulo, wati laputopu yake ikumazima yokha ikatentha, ndipo manotsi onse amabwera pa intaneti. Za Cardiology IV waseka, ati anzake angamuyese consultant n'kumamufunsa mafunso.

Ndiye ndachita chonchi. Ndalama zambiri zipita ku laputopu. Lonjezo langa ndisunga ndi Classic III, ndigula tsopano lomwe ngakhale a Nkhwazi andiwerengera zaka za waranti, chifukwa a Fulu andikhudza mtima ndi nkhani ya bambo awo. Kwa wogulitsa uja sindibwererako. Amayi a Namwino, dzina ndilembetsa. Mtundu wokha ndi umene tikukanganabe, iye akufuna yakuda.

Namwino Wopuma: Yakuda ayi, mwana wanga. M'kabati ya m'wodi yathu munkakhala zakuda zokhazokha zosowa eni ake. Mugulireni yobiriwira kapena yofiirira, akwiya sabata imodzi.

Fulu: Akadzasankha kukhala dokotala wa mtima mudzandifune, achemwali, tidzasonkherane ya Cardiology ija. Kadzidzi sadzaponyapo kanthu, ndikumudziwa.